Cooler box yodula ili ndi phindu kwa ndani?

Zikomo bambo a ku Salima chifukwa cha kalata yanu. Mwati mwasiya tauni mwabwerera kumudzi, mukufuna kumagulitsa chambo chachiwisi, ndiye mukufunsa ngati kugula cooler box yodula si kutaya ndalama.

Bambo, yankho lili pa mtunda umene madzi oundana ayende. Munthu wa ku Lilongwe ali ndi firiji. Magetsi akazima, bokosi lotchipa limamusungira ndiwo mpaka madzulo, basi. Inu kumudziko ayisi mukamugula kutali, ndipo akasungunuka pa njira, nsomba zawola, mpamba wapita.

Mabokosi odula ngati a Yeti, kampani ya ku Texas imene inayamba mu 2006, ali ndi makoma ochindikala komanso mphira wozungulira chivindikiro ngati wa pa chitseko cha firiji. N'chifukwa chake ayisi amakhalamo masiku angapo. Koma ndi olemera, kuwakweza pa kabaza ndi ntchito, ndipo ndalama ina mukulipirira dzina. Mabokosi a Coleman ndi ena otere ndi opepuka ndi otsika mtengo.

Mukamagula, gwirani khoma muone kuchindikala kwake, tsekani chivindikiro muone ngati chikugwira bwino. Gulani ayisi wa chibuluma, osati tizidutswa. Bokosilo likhale pamthunzi, mulifunditse chiguduli chonyowa, ndipo musamalitsegule pafupipafupi.

Ngati nsomba zanu zimatha tsiku lomwelo, gulani la mtengo wapakati. Ngati zimagona pa njira, lodulalo lidzabweza ndalama zanu. Tilembereninso, bambo, mutiuze mmene malonda akuyendera.