Utsogoleri wa mluzu ndi utsogoleri wa pamphasa

Ife a ku Nkhulambe sitidzaiwala namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023. Mvula inagwa masiku angapo osakata, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri, chipatala chinawonongeka, misewu inaduka. Pa nthawi ngati imeneyo mtsogoleri saitanitsa msonkhano. Amangoimba mluzu n'kukuwa kuti, "Tiyeni kumtunda!" Wofuna kufunsa mafunso amakokedwa dzanja.

Vuto limabwera madzi akaphwera. Mfumu kapena wapampando amene kukuwa kunamuthandiza tsiku lija amayesa kuti zonse zitheka ndi kukuwa: lekani kulima m'mbali mwa mtsinje, samukani, bzalani mitengo. Pabwalo anthu amawomba m'manja, kukacha khasu lili pomwe paja. Si mwano ayi. Dimba limenelo ndi limene limadyetsa ana m'chilimwe, ndipo wolamulayo sananene kuti anawo adya chiyani.

Anzathu a ku nyanja ya Chilwa, kumpoto kwa boma lathu lino, anakumanapo ndi zotere. Nyanjayi itauma mu 1995, nsomba zotsala zinabisala m'maiwe a m'mitsinje. Boma likanatha kungolemba lamulo, koma alonda ake ndi angati oti n'kulondera dziwe lililonse? M'malo mwake a nthambi yoona za nsomba anakhala pamphasa ndi mafumu komanso asodzi, n'kukhazikitsa makomiti a m'midzi oteteza maiwewo, makamaka kwa anthu othira katupe. Olonderawo anali eni mudzi, odziwa bwino amene amatuluka usiku. Madzi atabwerera, matemba, makumba ndi milamba zinayambanso kuswana.

Komatu tisanamizane, komiti nayo imafa. Asodzi akangoona kuti wapampando walanda ukonde wa mlendo n'kusiya wa mlamu wake, basi, lamulo latha, ngakhale lilembedwe bwino chotani m'kope.

Tsono inu amene muli m'komiti ya padoko, ya pamzikiti kapena m'kalabu ya ulimi, musanalengeze kusintha kulikonse yambani mwayendera amene ataye zambiri: mayi wa dimba uja, mnyamata wokoka khoka la bwana amene amadya za tsiku lomwelo. Amvereni mpaka amalize, mwina njira ili ndi iwowo. Ndipo nyengo yotseka nyanja ikafika mu Disembala, khoka loyamba kupachikidwa likhale lanu.