Yelena Alumpha Mamita 5

Werengani nkhani iyi.

Yelena Isinbayeva anabadwa m'caka ca 1982 mumzinda wa Volgograd, ku Russia. Ali ndi zaka 5 anayamba masewera opinda thupi ndi kutembenuka m'mwamba. Koma pofika zaka 15 anali atatalika kwambiri. Masewera aja amakomera atsikana aafupi. Basi, Yelena anawasiya.

Anayamba kuphunzira kulumpha ndi ndodo. Ndodo yake si yoyendera ayi. Ndi yaitali kwambiri ndipo imapindika ngati uta. Wolumpha amathamanga atainyamula. Amazika nsonga yake m'kadzenje. Ndodo ija imapindika, kenaka imawongoka, nkumuponya m'mwamba. Miyendo imatsogola, mutu uli pansi! Amadutsa pamwamba pa kamtengo kopingasa, nkugwera pa matiresi. Akagwetsa kamtengo katatu motsatizana, ndiye kuti watuluka mumpikisano.

Apa msinkhu wa Yelena unamuthandiza. Nako kutembenuka m'mwamba anali kukudziwa kale.

Mu 2004 anapambana mendulo ya golide pa masewera a Olimpiki ku Athens. Mu 2005, ku London, analumpha mamita 5. Kunalibe mkazi wina amene anafikapo pamenepo. Mamita 5 si masewera. Ndi pafupifupi msinkhu wa nyamalikiti wamkulu! Mu 2008 anatenganso golide ku Beijing.

Koma mu 2009 zinthu zinavuta. Ku Berlin kunali mpikisano wa dziko lonse. Anthu anali kuyembekezera kuti Yelena apambana. Iye analumpha koyamba, analephera. Kaciwiri, analepheranso. Kacitatu, cimodzimodzi. Anatuluka wopanda mendulo.

Patapita masiku 11 cabe, Yelena anapita kukapikisana ku Zurich. Kamtengo anakaika pa mamita 5 ndi masentimita 6. Anathamanga, anazika ndodo, uyo m'mwamba! Kamtengo sikanagwe. Mpaka lero palibe mkazi amene analumpha kupitirira pamenepo.

Yankhani mafunso awa.

1. Kodi Yelena anabadwira kuti?
2. N'cifukwa ciani anasiya masewera ake oyamba?
3. Kodi ndodo imamuthandiza bwanji wolumpha?
4. Cinacitika n'ciani ku Berlin?
5. Mukanakhala Yelena, mukanamva bwanji popita ku Zurich? Uzani mnzanu.

Zocita: Pitani panja ndi aphunzitsi. Pimani mamita 5 pansi. Ndi ana angati angagone mondondozana pamenepo?