Dzina loti He: phunziro lochokera ku China



Ku China dzina la banja ndilo limayamba, la mwana limabwera pambuyo. Titenge chitsanzo cha Zheng He, Msilamu amene anabadwira ku Yunnan m'chaka cha 1371. Ali mwana ankatchedwa Ma He. Ma ndi dzina la banja lofala pakati pa Asilamu a kumeneko, ndipo ambiri amati linachokera ku dzina loti Muhammad. He ndilo linali lakelake, ndipo limatanthauza mtendere ndi kumvana.

Mu 1404 mfumu Yongle inamupatsa dzina la Zheng m'malo mwa Ma, koma He silinasinthe. Kuyambira 1405 mpaka 1433 iye anatsogolera maulendo 7 apanyanja, ndipo zombo zake zinafika mpaka ku Malindi, m'dziko lomwe lero ndi Kenya.

Nafenso dzina timalilemekeza. Mtumiki wathu, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ankasintha mayina a tanthauzo loipa. Choncho makolo, tisanatche mwana dzina lomwe tangolimva pa wailesi, tiyambe tafunsa tanthauzo lake, chifukwa adzayenda nalo moyo wake wonse. Ophunzira, sabata ino mukafunse kunyumba tanthauzo la dzina lanu, tidzakambirane m'kalasi.