KUYESA NKHUNGU NDI KUWALA

M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikagwa ku Thyolo ndi ku Mulanje, munthu amadzuka m'mawa osaona ngakhale nkhokwe ya mnansi wake. Kwa mlimi ili si bvuto lalikulu; angodikira kuti dzuwa likwere. Koma kwa woyendetsa ndege amene afuna kutera ali ndi anthu kumbuyo kwake, kudziwa kuti maso afika mamita angati ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Kale nchito imeneyi inali ya maso a munthu basi. Woyang'anira nyengo pa bwalo la ndege amakhala ndi mndandanda wa zinthu zimene mtunda wake udayesedwa kale: mtengo wakuti, nyumba yakuti, phiri lakuti. Amatuluka panja, nayang'ana chimene chioneka komalizira, nalemba. Njira imeneyi ikali kugwira nchito m'malo ambiri ndipo si yonyozeka ai, koma anthu saona mofanana, ndiponso usiku umabvuta.

M'chaka cha 1960 Theodore Maiman wa ku America anapanga laser yoyamba. Laser ndi nyali imene kuwala kwake sikumwazika monga kwa nyali ya parafini, koma kumapita molunjika, kowonda ngati ulusi. Posakhalitsa akatswiri anayamba kuloza kuwala kumeneku kumwamba, ndipo dzina la makina otere ndi lidar.

Kagwiridwe kake sikobvuta kumvetsa. Mwana akafuula pafupi ndi phiri, mau ake amabwerera, ndipo phirilo likakhala patali mauwo amatenga nthawi. Lidar nayo imaponya kuwala kambirimbiri pa sekondi imodzi. Kuwalako kukakumana ndi timadontho ta madzi, fumbi, kapena utsi wa lupsa, kwina kumabwerera, ndipo makinawo amayesa nthawi ya ulendowo. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Chotero ngati mtambo uli pa mamita 300, kupita ndi kubwera ndi mamita 600, ndipo nthawi yake ndi magawo awiri okha a sekondi yogawidwa m'magawo 1,000,000. Palibe wochi ya pa dzanja ingayese zimenezi.

Makinawa amayesanso mphamvu ya kuwala kobwererako. M'mpweya woyera kuwala kumayenda patali kusanafooke, koma m'nkhungu kumatha msanga. Akatswiri a nyengo anapangana kuti mtunda woonera ndiwo umene kuwala kumayenda mpaka kutatsala magawo 5 pa 100, ndi kuti mau akuti nkhungu alembedwe pokhapo maso akalephera kufika mamita 1,000.

Lidar imene ipezeka kawirikawiri pa mabwalo a ndege ndi ceilometer, imene imaloza kumwamba ndi kunena pamene mitambo yayambira. Nkhungu ikaphimba zonse, imanena mtunda umene maso angalowe m'mwambamo.

Komabe makinawa amanena za malo amene aimikidwa. Sadziwa za phiri limene lili makilomita makumi angapo kuchokera pa bwalo, ndipo mtambo wokhuthala umameza kuwala kwao kuti asaone za kuseri kwake. Mapiri ndiwo oopsa. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikari yochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa tsiku la mitambo yotsika, ndipo anthu 9 anamwalira, mmodzi wa iwo Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr. Saulos Chilima.

Aphunzitsi angathe kuyesa njira yakale ija ndi ana ao. Asankhe zinthu zisanu zooneka kuchokera pa khomo la sukulu, ayese mtunda wa zapafupi ndi mapazi, za kutali ndi mapu, ndipo ana azilemba m'mawa uli wonse chimene chaoneka komalizira. Ayerekeze mwezi wa June ndi wa October, pamene utsi ndi fumbi zachuruka.