Damu la Mwini Mmodzi, Tsoka la Anthu Ambiri

Munthu wa ku mudzi akapita ku Lusaka kukaona abale ace m'nyengo ya dzinja, amazizwa poona madzi ataima pakhomo masiku ambiri. Dziko la kumeneko liri lacidikha, ndipo pansi pace pali mwala wa laimu umene ukhuta madzi msanga. M'caka ca 1978 cigumula cinagwetsa nyumba zambiri ku Kanyama, ndipo kufikira lero a ku Kanyama, Cawama ndi George sagona tulo mvula ikalimbika usiku.

Ku Misisi, pafupi ndi Cawama, kuli dziwe lochedwa Ngwenya. Poyamba linali dzenje lokumbamo miyala. Okumbawo atacoka, madzi anadzaza, ndipo anthu amiramo. Ku Kalikiliki, pafupi ndi Mtendere, anthu osowa malo anamanga nyumba m'cigwa ca damu lakale. Koma madzi saiwala njira yao, ndipo caka ca mvula yambiri amabweranso momwemo.

Tsono a kumudzi asayese kuti bvuto ili ndi la m'tauni mokha. Alimi ambiri amacinga mtsinje ndi khoma la dothi kuti ng'ombe zimwe m'cirimwe ndi kuti madimba atsiriridwe. Nchito imeneyi njabwino. Cobvuta ncakuti damu lotere liri ndi mwini mmodzi, ndipo iye akakalamba kapena akasowa ndalama, palibe wina woliyang'anira. Pa 9 May 2018, usiku, damu la pa munda wa munthu ku Solai m'dziko la Kenya linaphulika itagwa mvula yambiri, ndipo anthu oposa 40 anafa, ambiri a iwo ana. Amene anafawo sanali eni damu ai, anali anansi okhala kumunsi.

Madzi ndi olemera koposa umo aonekera. Dramu limodzi la malita 200 lisenza makilogramu 200 a madzi, ndipo ngakhale damu laling'ono lisunga madramu zikwi zambiri, ndipo madziwo akankha khoma usana ndi usiku.

Khoma la dothi ligwa kawirikawiri mwa njira ziwiri. Yoyamba ndiyo madzi kusefukira pamwamba pace. Damu liri lonse liyenera kukhala ndi ngalande yopambutsa madzi ocuruka, koma ngalandeyo ikatsekeka ndi zinyalala, kapena mwini akaicinga dala pofuna kusunga madzi ambiri, madzi adumpha khoma nalikokolola m'maora owerengeka.

Njira yaciwiri njobisika, ndipo ndiyo yofunika kuidziwa bwino. Madzi amayenda pang'onopang'ono m'kati mwa khoma, kutsata una wa ciswe, dzenje la mbewa, kapena muzu wa mtengo umene unaola. Cifukwa cace pa khoma pabzalidwe kapinga, osati mitengo, ngakhale mthunzi wace ukoma. Kunyowa pang'ono kumunsi kwa khoma sikudabwitsa ngati madziwo ali oyera. Koma akatuluka amatope, ndiye kuti akunyamula dothi la khoma lomwe, ndipo kabowo kakukula m'kati mosaoneka. Tsiku limenelo okhala kumunsi asamuke, akagone pa mtunda, asayembekeze kuca. Cimodzimodzi akaona ming'alu yaitali pamwamba pa khoma, kapena malo amene dothi latitimira.

M'Zambia lamulo la madzi la caka ca 2011 linakhazikitsa bungwe la WARMA, limene lipereka cilolezo kwa wofuna kucinga mtsinje. Motero anansi ali ndi mphamvu yakufunsa mwini damu ngati cilolezo ali naco, ndipo akakana kukonza khoma angathe kukanena kwa mfumu, ku khonsolo, kapena ku bungwelo. Nthawi yabwino yoyendera khoma pamodzi, mwini ndi akulu a mudzi, ndiyo mwezi wa October, madzi ali ocepa, mvula isanayambe.