Motorhome pa Nthawi ya Mkuntho: Tulukani Nthawi Ikadalipo

Ngati mwabwereka motorhome ku America, galimoto ija yokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi mkati, simufunika kuuzidwa za kuthira mafuta, kutchaja foni ndi kusunga tochi. Mphepo ikayamba, pindani chinsalu cha pakhonde, lowetsani zipinda zotulukira m'mbali, tsekani silinda ya gasi, ndipo kukayamba ziphaliwali zulani waya wa magetsi a pamsasa. Chinsalucho mukachisiya chotambasula, mphepo imachithyola ndi zitsulo zake zomwe, ndipo kukonza kungakudyereni madola mazana angapo, mwina mpaka 1,000. Musaimike pansi pa mtengo waukulu.

Zonsezi n'zoteteza galimoto. Choteteza inuyo n'chimodzi, ndipo ndi pomwe ambiri amalephera: kutulukamo nthawi ikadalipo.

Motorhome ilibe maziko, makoma ake ndi opyapyala, ndipo mbali zake zazitali zimakola mphepo ngati tanga ya ngalawa. Tornado, kamvuluvulu wamphamvu kwambiri, ngakhale akhale wamng'ono, amaigubuduza. Koma munthu akalowa, n'kutseka chitseko, n'kutereka ketulo, amadziona ngati ali m'nyumba ya njerwa. Ndaona anthu ali pawindo, akujambula mitambo ndi foni, saireni ikulira kunja. Ukawauza kuti tiyeni, yankho n'lomwelo: "Tione kaye." Muona chiyani? Chenjezo la tornado limabwera kutatsala mphindi 10 kapena 15 zokha, nthawi zina zosakwana pamenepo, ndipo usiku kapena mvula ikamakhuthuka tornadoyo saoneka n'komwe.

Choncho ntchito yake imagwiridwa tsiku lofika, kuthambo kuli mbee. Musanatsitse ngakhale mpando, pitani ku ofesi ya msasa mukafunse kuti pobisala ndi pati. Kawirikawiri ndi nyumba ya mabafa ndi zimbudzi yomangidwa ndi mabuloko a simenti. Musangoilozeredwa ndi chala. Pitani wapansi, ana ndi agogo omwe, muone kuti ndi mphindi zingati, komanso ngati amakiya usiku. Msasa ukakhala wopanda nyumba yolimba ndipo nyengo ikukayikitsa, makamaka ku Oklahoma, Kansas ndi Texas kuyambira Epulo mpaka Juni, sunthani mukagone kwina.

Funsaninso dzina la county (boma) imene muli, mulilembe papepala, mumate pafupi ndi chiwongolero. A zanyengo a National Weather Service amatchula mayina amenewa polengeza, ndipo mlendo amangomvera osadziwa kuti akunena iyeyo. Gulani wailesi ya zanyengo ya NOAA ya mabatire, ya madola 30 kapena 40, imene imalira yokha kukabwera chenjezo. Foni musaidalire kwambiri. M'misasa yambiri netiweki imavuta.

Akalengeza tornado watch, ndiye kuti zinthu zikhoza kuipa. Valani nsapato zotseka, ikani mankhwala, mapasipoti ndi makiyi m'chikwama chimodzi pakhomo. Akati warning, nyamukani pompo. Osati mutatsuka mbale, osati mutapinda mipando. Ngakhale chenjezo likhale la mvula ya mabingu yoopsa chabe, tulukanibe, chifukwa limaperekedwa mphepo ikafika makilomita 93 pa ola kapena matalala akakula. Mukafika pobisala paja, khalani m'chipinda cha mkati, kutali ndi mawindo, mutu wophimba. Mukapita n'kupeza kuti mphepo yadutsa kwina, mwataya tulo basi. Ndikubwereza: musadikire kuti muone ndi maso.

Pali malangizo ena oipa amene safa. Ena amati mkuntho ukakupezani pamsewu, bisalani pansi pa mlatho wodutsa pamwamba. Pa 3 Meyi 1999, ku Oklahoma, anthu anafa pansi pa milatho yotereyi. Mphepo imapanikizika pamenepo n'kuwonjeza liwiro, zinyalala zouluka n'kumalowa momwemo. Funani sitolo kapena nyumba yolimba. Ikasowa, tulukani, talikirani galimoto, gonani chafufumimba m'ngalande yotsika kuposa msewu, manja kumutu. Enanso amati majeki ndi zingwe zomangira zigwira galimoto. Zimaletsa kugwedera mukamayenda mkati, basi.

Madzi nawo samalani. Malo a m'mphepete mwa mtsinje ndi amene aliyense amalimbirana, koma pa 4 Julaye 2025 mtsinje wa Guadalupe ku Texas unakwera pafupifupi mamita 8 ola lisanathe, m'bandakucha anthu ali mtulo, n'kukokolola ma motorhome m'misasa. Anthu oposa 100 anafa. Kukanenedwa mvula yambiri, imikani pokwera. Pamsewu, madzi othamanga ofika masentimita 60 amatenga ngakhale galimoto yaikulu. Bwererani.

Namondwe wa m'nyanja, amene nyengo yake ku Atlantic imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala, ndiye wosavuta, chifukwa amalengezedwa kutatsala masiku. Nyumba yanu ili ndi matayala. Lizani injini muloze kumtunda misewu isanadzaze ndiponso mafuta asanathe m'mafilingi siteshoni. Galimoto ikawonongeka, nkhani ndi ya inshulansi. Inuyo ndi ana tulukani amoyo.