Kuyeza matenda a scarlet fever kunyumba ndi kuchipatala

Scarlet fever ndi matenda oyamba ndi bakiteriya wotchedwa group A strep, yemweyo amene amabweretsa zilonda zapakhosi. Amagwira kwambiri ana a msinkhu wa sukulu ya mkaka ndi pulayimale, ndipo anavuta ku Britain chakumapeto kwa 2022. Amayamba ndi kutentha thupi, kupweteka pakhosi ndi anabere m'khosi. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri, totupa ting'onoting'ono timatuluka pachifuwa ndi pamimba n'kufalikira, lilime nalo limayanga zoyera kenako n'kufiira psuu.

Mabuku ambiri amati totupato timakhala tofiira, koma pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino. Apa dzanja limaposa diso: kholo likasisita pachifuwa pa mwana, khungu limamveka lokhakhala ngati sandipepa. Zimenezi ndi zoyenera kumuuza dokotala mosabisa mawu, chifukwa si onse amene anazolowera kuona matendawa pa mwana wakuda.

Zida zoyezera kunyumba zimagulitsidwa m'mafamase a maiko ena, monga Germany, komanso pa intaneti. M'paketi mumakhala kamtengo ka thonje kunsonga, madzi amankhwala ndi kapepala koonetsa mizere. Thonjelo liyenera kupukuta timinofu tiwiri ta m'mbali mwa khosi ndi kumbuyo kwenikweni kwa khosi, osakhudza lilime kapena masaya. Ntchito imavuta pomwepa, popeza mwana amalira, kuluma kamtengo ndi kufuna kusanza, ndipo kholo lachifundo limathera pa malovu okha. Zotsatira zimatuluka m'mphindi zochepa. Mizere iwiri imasonyeza kuti bakiteriya alipo. Mzere wa C, umene umasonyeza kuti chida chagwira ntchito, ukapanda kuoneka, kuyezako kwalephereka.

Chidachi sichiona zonse. Ngakhale m'manja mwa namwino, mwa ana 100 amene alidi ndi bakiteriyayu pafupifupi 14 amaoneka ngati alibe. Palinso ana ena athanzi amene amangomusunga pakhosi, moti mizere iwiri ingatuluke pamene chikudwalitsa mwana ndi chimfine wamba. Popeza chidachi chimaphonya ana ena, mzere umodzi usagonetse kholo tulo ngati totupa tilipo.

Kuchipatala njira zimasiyana. Ku America dokotala amayeza pompopompo, ndipo chida chikakana pa mwana, amatumiza thonje lina ku labotale, kumene yankho limatenga tsiku limodzi kapena awiri. Ku Britain dokotala wa m'dera (GP) nthawi zambiri amazindikira matendawa poona zizindikiro, n'kulemba mankhwala osadikira labotale. Usiku kapena kumapeto kwa sabata, makolo amaimba foni pa nambala ya 111. Mwana amene akupuma movutikira, walefuka kwambiri kapena sakudzuka bwino ndi woimbira 999, nambala ya zadzidzidzi.

Mankhwala ake ndi penisilini kwa masiku 10, ndipo alipo ena a ana amene thupi lawo limadana naye. Mwana amabwerera kusukulu pakatha maola 24 chiyambireni kumwa. Chizolowezi chosiya mankhwala thupi likazizira, kapena chogwiritsa ntchito makapisozi otsala amene anabwera m'chikwama kuchokera kumudzi, n'choopsa. Bakiteriyayu akapanda kuthetsedwa angadzetse nthenda yotupitsa mfundo za mafupa ndi kuwononga mavavu a mtima, vuto limene madokotala ku Malawi amaliona pa ana ndi achinyamata ambiri. Khungu la m'zala likayamba kusupuka patapita sabata kapena kuposerapo, ndiye kuti scarlet fever ikutha. Koma nkhope ikatupa kapena mkodzo ukada ngati tiyi, impso ziyenera kupimidwa msanga.